Pemphero la Ana Athu Amene Akuphunzira Chingerezi Kunja, M'makomo a Eni

Atate wathu wakumwamba, Inu amene mumamva chilankhulo chilichonse, ngakhale cha munthu amene mawu amuthera pakamwa, tabwera pamaso panu chifukwa cha anyamata ndi atsikana amene anapita kunja kukaphunzira Chingerezi. Ena ali ku Brighton ndi ku Bournemouth, m'mphepete mwa nyanja kummwera kwa England. Ena ali ku Oxford ndi ku Cambridge, ena ku Dublin, ena pa chilumba cha Malta. Usiku uno agona m'nyumba za anthu amene anawaona koyamba tsiku lomwe anatsika ndege. Ife kumeneko sitingafikeko, koma Inu muliko kale.

Muwagwire dzanja sabata yoyamba ija, Ambuye. Lolemba m'mawa sukulu imawalembetsa mayeso kuti ione kalasi yowayenera, pa makwerero aja oyambira pa A1 kukathera pa C2, ndipo mwana amene ankatamandidwa kuti Chingerezi amachitha amapezeka kuti amuika pa A2. Musalole kuti mtima wake ugwe ndi zimenezi. Mumupatse kudzichepetsa koyambira pomwe amuikapo.

Koma kumene tikukudandaulirani kwambiri ndi patebulo la chakudya chamadzulo. M'kalasi aphunzitsi amalankhula pang'onopang'ono, amadziwa kudikira, ndi ntchito yawo. Patebulo eni nyumba amacheza mmene anazolowerera, mothamanga, mawu ena akumezera kukhosi. Wina wanena nthabwala, onse aseka, mwana wathu nayenso waseka mochedwa osadziwa chaseketsa n'chiyani. Amufunsa ngati wakhuta, wangogwedeza mutu pamene m'mimba mukulira. Sakudziwa ngati n'zololedwa kutsegula firiji payekha, kusamba nthawi yaitali bwanji, zovala zakuda aziika pati. Akufuna kunena kuti athandize kutsuka mbale, koma pomwe chiganizo chikukwanira m'mutu, mbale zalowa kale m'makina. Akwera kuchipinda chake akudziona ngati wamwano, chikhalirecho ndi mwana woleredwa bwino amene wangosowa mawu.

Mulungu wathu, khalani naye patebulo limenelo. Mose atadandaula kuti lilime lake ndi lolemera, munamufunsa kuti anapanga pakamwa pa munthu ndani. Ndinu nomwe munapanganso pakamwa pa ana awa. Masulani malilime awo. Muwachotsere mantha olakwitsa, chifukwa woopa kulakwitsa amabwerako ndi Chingerezi chomwe anapita nacho. Aphunzire kunena mopanda manyazi kuti sanamve, awabwerezere. Aphunzire kunena kuti chakudya ichi chikuwavuta, kuti m'chipinda mukuzizira, kuti akudwala. Tsegulaninso makutu awo azolowere kalankhulidwe ka woyendetsa basi ndi ka agogo a pakhomopo, kamene sikafanana ndi kamene amamva m'kalasi.

Mukudziwa mmene chipinda chimakokera mwana wotopa. Kutseka chitseko n'kugona ndi foni, kucheza pa WhatsApp ndi anzake akale mpaka pakati pa usiku, n'kosavuta kusiyana ndi kutsika kukakhala pabalaza ndi anthu ovuta kuwamva. Kusukulu nakonso amafunafuna a chilankhulo chake n'kumangozungulira pomwepo. Sitikuwaweruza, Ambuye, kupukwa ndi matenda enieni. Makamaka mu December, pamene ku London dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, mwana amatuluka m'kalasi kunja kutada kale, mvula ikuwaza. Mumutumizire mnzake mmodzi wabwino, kaya ndi wa ku Brazil, wa ku Japan kapena wa ku Turkey, woti azilimbana naye Chingerezi chothyokathyoka mpaka onse chiwawongokere.

Tikupempherera mabanja amene atsegula makomo awo. Mayi wa ku Sunemu anamukonzera Elisa kachipinda, anaikamo bedi, tebulo, mpando ndi nyale, kuti mlendo akamadutsa azikhala ndi pake. Mtima womwewo muupereke kwa eni nyumba awa. Inde, amalipidwa, ndipo palibe cholakwika pamenepo, magetsi ndi chakudya sizaulere. Koma kubwereza chiganizo kachitatu osakwinya nkhope, kufunsa mwana kuti tsiku layenda bwanji n'kudikira mpaka amalize kuyankha, kuzindikira kuti lero sanadye ndipo maso ake ndi ofiira, zimenezo sizilembedwa pa mgwirizano wa sukulu. Zimachokera kwa Inu. Akumbutseni kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ana athunso akhale alendo osalemetsa: asunge malamulo a pakhomo, afike nthawi yomwe anagwirizana, akachedwa atumize uthenga, ayale bedi lawo, athokoze.

Atate, pali zina zimene mtima wa kholo umaopa kuzitchula. Si khomo lililonse lomwe lili labwino. Tikukuthokozani chifukwa cha malamulo oteteza ana. Ku England, mwana wosakwana zaka 16 akamakhala masiku 28 kapena kuposerapo kwa munthu amene si mbale wake wapafupi, khonsolo ya deralo iyenera kudziwitsidwa kuti izimuyendera. Tikuthokoza chifukwa cha a British Council amene amayendera sukulu za Chingerezi n'kuona ngakhale malo ogona ophunzira, ndi a DBS amene amafufuza mbiri ya anthu osamalira ana. Anthu ogwira ntchito zimenezi muwapatse maso akuthwa ndi mtima wosatopa. Komabe chitseko chikatsekedwa usiku, woyendera uja amakhala ali kwawo. Woona ndinu nokha. Dzanja lililonse lofuna kuchita zoipa muliumitse. Ndipo china chikalakwika, mwana asadzinamize kuti ndi chikhalidwe cha eni chabe, asaope kuti makolo adandaula ndalama zomwe analipira. Alankhule. Auze wosamalira ophunzira kusukulu, apemphe kusamutsidwa, akumbukire kuti ku Britain nambala ya Childline, yothandiza ana amene ali pamavuto, ndi 0800 1111 ndipo ndi yaulere, ndi kuti pangozi amaimba 999.

Muwatchinjirize kwa anthu achinyengo amene amalonjeza sukulu ndi nyumba zomwe kulibe. Muwatchinjirizenso ku nzeru zachidule. Chiphaso cha visa cha ku Britain chophunzirira Chingerezi kwa miyezi yoposa 6 mpaka 11 sichilola kugwira ntchito, koma sipalephera wina wonong'oneza kuti pali kaganyu kamseri, palibe adzadziwe. Atsekeni makutu ku mawu otero, angataye tsogolo lawo chifukwa cha ndalama ya sabata imodzi.

Danieli anatengedwa kupita ku Babulo ali mnyamata, anaphunzitsidwa chilankhulo ndi zolemba za Akasidi kwa zaka zitatu, mpaka dzina anamusintha. Iye ndi anzake atatu anaphunzira kuposa ena onse, koma sanaiwale kuti iye ndi wa yani. Ana athu akhale otero. Achidziwe Chingerezi mpaka azilota nacho, mayeso a IELTS kapena a Cambridge akhoze bwino, koma asadzachite manyazi ndi chilankhulo chimene anayamwira, kapena kuyang'anira pansi makolo amene sachitha chimene iwo aphunzira.

Makolowo muwakumbukirenso. Ena anadzimana zambiri kuti ulendowu utheke, ndipo tsopano tulo sakuliona foni ikangokhala chete tsiku limodzi. Muwapatse mtendere, ndi nzeru yosaimba ola lililonse, kuti mwana apeze mpata wozolowera kumene ali. Akaimba, afunse bwino ndi kumvetsera ngakhale zimene mwanayo sakunena.

Tawapereka onse m'manja mwanu, ophunzira, eni nyumba, aphunzitsi ndi makolo, m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Ameni.