Mfuti ya pachigayo: kwathu ku Angónia, ku Dedza ndi ku Katete

Akuba atathyola chigayo changa kachiwiri, n'kunyamula mota ndi malamba, mlonda n'kumusiya atam'manga ndi chingwe cha ng'ombe, ndidayamba kufunsafunsa za mfuti. Sindinkafuna ya nkhondo, koma ija kuno timaitchula m'Chipwitikizi kuti caçadeira: yamachaka, yochita kukoka chogwirira cha kunsi kwa mpope kuti chigoba chituluke, chipolopolo china chilowe. Ndinkafuna yampope waufupi, yotchipirako.

Nkhani yake tidaiyala pa maliro ku Dómuè, tikuwotha moto pasiwa, ine, alamu anga a ku Dedza ndi amalume amene adakhazikika ku Katete. Mtundu umodzi, chilankhulo chimodzi, ku Kulamba timakagwada kwa Gawa Undi yemweyo ku Mkaika, koma pa za mfuti tidapezeka kuti ndife a mayiko atatu.

Alamu adayamba ndi foni m'manja. "Alamu, musazungulire mutu, gulani Maverick 88." Ndipo sadaname. Mfutiyi ndi ya kampani ya Mossberg, mng'ono wake wa Mossberg 500, ndipo amaimangira ku Eagle Pass m'chigawo cha Texas, zitsulo zina n'kuchokera ku Mexico. N'chifukwa chake imatsika mtengo. Thupi lake ndi la aluminiyamu, choncho ndi yopepuka, ndipo mipope ya geji 12 (muyeso wa kukula kwa chibowo cha mpope) ya Mossberg 500 imalowanso pa iyo bola thumba la zipolopolo likhale lofanana. Yampope wa mainchesi 18.5 imadya zipolopolo zisanu m'thumba, chachisanu ndi chimodzi m'kamwa. Kusiyana kumene dzanja limakumva ndi kabatani kotsekera: pa Mossberg 500 kali pamwamba, pofika chala chachikulu cha dzanja lililonse, pomwe pa Maverick kali kutsogolo kwa chowombera. Wamanzere ngati mlonda wanga amavutika nako.

Kumbali ina kuli Remington 870, imene idatuluka mu 1950, yathupi lachitsulo, yolemera. Adaipanga yambirimbiri, mamiliyoni oposa khumi, mpaka a ku China adaikopera, n'kumagulitsa yawo motsika. Kenako pali za ku Turkey, monga Escort ya kampani ya Hatsan ya ku Izmir, ndi mulu wa mayina ena amene amabwera chaka chino, mawa osamvekanso. Zonsezi zimapezeka za geji 12, ndipo zambiri zimalandira zipolopolo zotalika mamilimita 70 ndi za 76 zomwe. Pa foni zimaoneka ngati nkhuku za khola limodzi.

Ngakhale mawu oti "waufupi" ali ndi mwini wake. Mainchesi 18.5 aja, amene ndi masentimita 47, adachokera ku lamulo la ku America la mu 1934, limene limakhwimitsa zinthu pa mfuti yamachaka yampope wosakwana mainchesi 18. Opanga adangowonjezerapo theka kuti asapalamule. Wina akakuuzani kuti mugule yaitali mukadule ndi sowo, mum'thawe. Kumeneko n'kuononga mfuti ndi kudziitanira apolisi pakhomo.

Amalume adatisiya tikangane mpaka chikuni chidatha, kenako adafunsa funso limodzi lokha: "Mphwanga, ikathyoka ukaipititsa kwa yani?"

Adali ndi chifukwa. Mnzawo wina wa golosale adagula yotchipa kwambiri, ya dzina limene palibe ankatha kulitchula bwino. Yonyezimira, chogwirira chakuda bii. Atawombera mabokosi angapo, kachitsulo kokoka chigoba kadathyoka, kachinthu kosaposa chikhadabo. Amene adam'gulitsa adati mtundu umenewo adasiya kuitanitsa. Mfuti idagona m'kabati mvula ziwiri, mwiniwake akulipirabe chiphaso. Mmisiri wa njinga adayesa kusula kena, kadagwira masiku atatu.

Apa ndi pamene malire amayamba kuluma. Kuchokera ku Ulónguè kufika ku Lilongwe sipakwana makilomita 150. Kufika ku Tete ndi oposa 200, ndipo kuchokera ku Tete kupita ku Maputo, kumene kuli masitolo aakulu a zinthu zotere, ndi oposa 1,500. Feteleza, sopo, zitsulo za chigayo, zambiri timakagula mbali ya Malawi. Pa Lizulu umangodumpha msewu, mwendo uno uli ku Ntcheu, winawo uli kwathu, thumba la kachewere lili pamutu. Ndiye mtima umakunong'oneza kuti bokosi la zipolopolo nalo lidumphe chomwecho. Ayi ndithu. Chiphaso cha mfuti chimathera pa mzere wa dziko limene lidachipereka. Chipolopolo chimodzi m'thumba la jekete pa Calómuè kapena pa Zóbuè ndi mlandu, ngakhale mfuti yako ili ndi mapepala onse kunyumba. Mayiko a SADC adagwirizana za kuyang'anira mfuti ndi zipolopolo mu 2001, ndipo adasainira ku Blantyre komweko.

Kwathu kuno ku Mozambique zonse zimadzera ku PRM, amene ndi apolisi a dziko lino, motsatira malamulo a zida ndi zipolopolo a mu Decreto 8/2007. Amasiyanitsa mfuti yodzitetezera ndi yosakira nyama, ndipo uyenera kunena bwino lomwe kuti ukuifuniranji. Ine ndidayenda ndi BI (chitupa cha unzika), registo criminal (pepala loonetsa ngati udapalamulapo mlandu) ndi kalata yofotokoza za kubedwa kuja. Kudikira kwake n'kotopetsa, sindibisa. Koma amene amadandaula kwambiri ndi anyamata obadwa nkhondo itatha. Ife tidaona AK-47 ikusinthanitsidwa ndi thumba la chimanga. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mfuti zidatsala m'maenje ndi m'madenga. Mu 1995 bungwe la mipingo ya Chikhristu, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, lidayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera, ndipo chaka chomwecho apolisi athu ndi a ku South Africa adayamba kufukula nkhokwe za zida pa Operation Rachel. Dziko limene mbendera yake ili ndi mfuti yopingasana ndi khasu likakhala louma dzanja popereka chiphaso, ine ndimalimvetsa, ngakhale ndikung'ung'udza pamzere.

Ku Malawi, alamu akuti, lamulo lawo ndi lakale, la mu 1967, ndipo kaundula wa mfuti ali m'manja mwa apolisi ku likulu lawo ku Area 30, ku Lilongwe. Chiphaso amachikonzanso chaka ndi chaka. Koma chosiyana chachikulu si cha pa pepala. Kumeneko munthu wamba wokhala ndi mfuti amam'yang'ana kawiri. Amakumbukira Disembala wa 1993, pamene asilikali adalanda zida a Payoniya a Kamuzu Banda pa Operation Bwezani, ena mwa iwo n'kuthawira konkuno. Amakumbukiranso kuti umbava wa mfuti utakula m'zaka zotsatira, chala chinkaloza kwathu. Ndiye wa chigayo wa ku Dedza amayamba waganiza za mpanda wa njerwa, agalu, alonda a kampani ndi gulu la chitetezo cha m'mudzi, mfuti imabwera kumapeto. Alamu anga omwe, ndi luntha lawo lonse la Maverick, alibe mfuti. Ali ndi wezulo ndi agalu atatu.

Ku Zambia mtima wake ndi winanso. Amalume akuti apolisi amayamba akufufuza, kenako chiphaso umakachitenga ku khonsolo. Kum'mawa kumeneko mfuti ndi chida cha mlenje kuyambira kale, kufupi ndi chigwa cha Luangwa, ndipo magogodera othira wonga kukamwa akadalipo m'midzi ina. N'chifukwa chake amalume ankaseka mpope waufupi. "Kamfuti kako kameneko nguluwe idzakuseka."

Pamenepa adalasa. Mfuti zazifupi zotchipazi kawirikawiri mpope wake ndi wotseguka mpaka kumapeto, wopanda kufinya kukamwa, ndiye machaka amabalalika msanga. Yosakira, ya mainchesi 28, imakhala yofinyidwa, machaka amayenda ali pamodzi mtunda wotalikirapo. Amene vuto lake ndi anyani ndi nguluwe m'munda wa chimanga ku Macanga kapena ku Chifunde, yaifupi si yake, komanso akufunika chilolezo cha za nyama zakutchire. Za njovu ndi mvuu za m'mbali mwa Zambezi, ku Mágoè ndi ku Zumbo, musayerekeze n'komwe. Machaka amangoipweteka n'kuikwiyitsa, ndipo amene idzam'ponde mawa ndi mayi wopita kukatunga madzi. Yaifupi ntchito yake ndi pakhomo, m'kanjira ka pakati pa matumba, pamene mpope wautali umakola pachitseko.

Chinanso chimene foni sinena ndi phewa. Ndidawomberako ya aluminiyamu pamalo ololedwa, ndili ndi mwiniwake, ndipo idandimenya ngati bulu. Yopepuka imakankha kwambiri kuposa yolemera. Ulendo wachiwiri mantha adandigwira, ndidakoka chogwirira mosafikitsa, mfuti n'kutsamwa. Mwiniwake adati zimenezi n'zimene zimachitikira ambiri: mfuti yokoka imafuna kuikoka mpaka igunde, n'kuibweza mpaka igunde. Ndidaganiza za mlonda wanga, bambo wa zaka zoposa 60, ali yekha usiku, manja akunjenjemera. Ndidaganizanso za chinyontho cha kuno mwezi wa Febuluwale, chimene chimadyetsa dzimbiri chitsulo chilichonse chosapakidwa mafuta, ndi za adzukulu anga amene amatsegula chilichonse chosakiyidwa. Kabati yachitsulo yokhomerera kukhoma iyenera kuwerengedwa pa mtengo wa mfuti.

Mutandifunsa lero, ndinganene kuti Maverick ndi Escort zonse zingagwire ntchito ya pachigayo, ndipo yachitsulo ya mtundu wa 870 ndi yabwino kwa amene kulemera sikum'vuta. Ya dzina lachilendo sindingaikhudze ngakhale itatchipa motani. Ndidzatenga imene wogulitsa wovomerezeka wa m'dziko muno adzandionetse zitsulo zake zosinthira zili pashelefu, ndi zipolopolo zimene ndingagule ndi chiphaso changa popanda kuyang'ana kutsidya kwa msewu.

Mapepala anga akadali m'njira. Pakadali pano ndatengera za ku Dedza: ndawotcherera zitsulo pamawindo, mota ndaimangirira pansi ndi simenti, ndipo alamu anditumizira mwana wa galu wawo wamkazi uja. Iye adaoloka pa Calómuè ali m'katoni, atagona tulo.