Mphindi 10 tsiku lililonse ndi yoga, musatinamize

Ndakhala ndikudziletsa kulemba zimenezi kuyambira Loweruka, koma mtima wakana kukhala pansi, ndiye ndaona kuti ndi bwino ndizinene poyera kusiyana ndi kumangowawidwa nazo ndekha.

Titamaliza kuchita yoga pagulu lathu, aliyense akukulunga kamkeka kake, mayi ena achikulire amene anayamba kubwera posachedwapa anatiuza mosangalala kuti masiku ano sakuphonya. Anati m'mawa uliwonse, asanagwire china chilichonse, amayala kamkeka kawo, amawongola msana ndi miyendo, kenako amakhala phee n'kumamvetsera mpweya wawo ukulowa ndi kutuluka, zonse pamodzi mphindi 10. Bambo wina, amene timamuona pagululo mwa apo ndi apo, anaseka n'kunena kuti, "Mayi, mphindi 10 si yoga, kumeneko ndi kudziwongola chabe. Ngati simungakwanitse ola ndi theka, kuli bwino kungosiya." Mayiwo anamwetulira mwaulemu, anapinda kamkeka kawo, ndipo sanayankhulenso mpaka tinabalalika.

Kungosiya! Munthu wamkulu, wa zaka zoti n'kukhala kholo lako, wapeza chinthu chimene akuchichita tsiku ndi tsiku mosakakamizidwa, iwe n'kumuuza kuti asiye chifukwa sichikufika pa muyeso umene wadziikira wekha, muyeso umenenso iweyo umaufika kamodzi pamwezi. Zimenezi zandinyansa kwambiri, ndipo sindibisa. Kaya ndi zithunzi za pa Instagram zimene zinasokoneza anthu mitu, kaya ndi kunyada chabe, zimenezo ndilibe nazo ntchito. Chimene ndikunena ndi chimodzi: pa bamboyo ndi mayiwo, amene akuchita yoga ndi mayiwo.

Yoga ndi kusinkhasinkha ndi zinthu za tsiku lililonse, ndipo amene amabwerera pamkeka mawa, mkuja ndi mtondo, ngakhale kwa kanthawi kochepa, ali patsogolo pa amene amadzithyola msana kwa maola awiri kenako n'kusowa milungu itatu. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Ngati pali wina amene mwambiwu sukumukwanira, atenge pepala awerengetse yekha. Mphindi 10 tsiku lililonse kwa masiku 30 ndi mphindi 300, amene ndi maola 5, ndipo pachaka ndi maola opitirira 60. Ola ndi theka kamodzi pamwezi ndi maola 18 pachaka. Ngakhale titayezera pa muyeso wa bamboyo, umene ndi wotchi, mayi aja amusiya kutali.

Koma nkhani si ya wotchi ayi. Aliyense amene wayeserapo kuchita zimenezi m'mawa uliwonse akudziwa kuti chovuta si kupinda thupi. Chovuta ndi mphindi ija wangodzuka kumene, kunja kusanayere bwino, pansi pakuzizira, thupi lili gwa, ndipo mtima ukukunong'oneza kuti lero lokha upume, uyambiranso mawa. Umayala mkekawo ukunyinyirika. Ukawerama koyamba, zala zako zimangofika m'mawondo, minofu ya kumbuyo kwa ntchafu ikukoka, msana ukukana. Umapuma kamodzi, kawiri, kachitatu, ndipo potulutsa mpweya umamva mapewa akutsika pang'ono, khosi likumasuka, zala zatsikira pamsongolo. Palibe amene akukuona kapena kukujambula, komanso palibe amene adzakuyamikire. Ukatha umakulunga mkeka n'kupita kukasamba. Ntchito yonse ili pamenepo, ndipo munthu amene wapambana nkhondo ya m'mawa imeneyi kwa miyezi ingapo sayenera kusekedwa ndi munthu amene amangotulukira tsiku limene wamva kuti kubwera anthu ambiri.

Kusinkhasinkha ndiye kumaonetsa zimenezi bwino kwambiri. Umakhala pansi kapena pampando, msana uli chilili, maso otseka, n'kuika maganizo pa mpweya umene ukudutsa m'mphuno. Usanapume kasanu, maganizo athawira kale ku ngongole, ku mawu amene wina anakunena dzulo, ku ntchito imene sunamalize. Umazindikira kuti wachoka, n'kuwabweza pa mpweyawo mosadzikalipira. Athawanso, uwabwezanso. Anthu ambiri amaganiza kuti maganizo akathawa ndiye kuti alephera, pomwe kuwabwezako ndiye kusinkhasinkha kwenikweniko. Akatswiri awiri a ku Harvard, Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert, anapeza mu 2010 kuti anthu amene anawafufuza ankaganiza za zinthu zina, osati zimene ankachita pa nthawiyo, pafupifupi 47 peresenti ya nthawi imene ali maso. Maganizo oyendayenda chonchi sungawaphunzitse kukhazikika mwa kuwakhalira maola awiri kamodzi pamwezi. Umawaphunzitsa lero, mawa uwaphunzitsenso, mkuja chimodzimodzi, mpaka njira yobwerera aizolowere.

Popeza anthu onga bamboyu amakonda kuyankhula ngati ndi iwo anabweretsa yoga kuchokera ku India, tiyeni tifunse eni ake. Patanjali, amene anasonkhanitsa ziphunzitso za yoga m'timawu tifupitifupi pafupifupi 196 zaka zoposa 1,500 zapitazo, ananena za kakhalidwe ka thupi m'timawu titatu tokha, ndipo mfundo yake inali yakuti thupi likhale lokhazikika komanso lomasuka. Za kuimirira ndi mutu kapena kukoleka mwendo m'khosi sanaziike ngati chiyeso cha munthu wodziwa. Ponena za chizolowezi, iye anaphunzitsa kuti chimazika mizu ngati munthu achita kwa nthawi yaitali, mosadukiza, ndiponso ndi mtima wonse. Ola ndi theka mulibemo m'menemo. Mosadukiza ndimo muli nkhani, ndipo pa anthu awiri aja ndi mmodzi yekha amene sakudukiza.

Taonaninso B.K.S. Iyengar, mmodzi wa aphunzitsi amene anafalitsa yoga padziko lonse. Anabadwa mu 1918 ndipo ubwana wake unali wa matenda okhaokha: malungo, chifuwa chachikulu ndi tayifodi. Pamene anapita ku Mysore, m'dziko la India, kukakhala ndi mlamu wake Krishnamacharya, amene anali mphunzitsi wa yoga, ali mnyamata, anali wofooka moti kuwerama kunali kovuta. Anamwalira mu 2014 ali ndi zaka 95, atachita yoga mpaka ukalamba wake. Munthu ameneyu amakumbukiridwa chifukwa chogwiritsa ntchito timatabwa, malamba, mipando ndi mabulangete, n'cholinga choti okalamba, odwala ndi ouma thupi nawonso athe kuchita nawo mogwirizana ndi mphamvu zawo. Mphunzitsi wamkulu chotere ankafunafuna njira yoti wofooka asasiye. Ndiye wina wongophunzira dzana lomweli akuuza mayi wachikulire kuti kuli bwino kungosiya? Ulamuliro umenewo anautenga kuti?

Ndikudziwa kuti wina andiuza za Jon Kabat-Zinn, amene mu 1979 anayambitsa maphunziro a milungu 8 ochepetsa nkhawa pa sukulu ya zachipatala ya University of Massachusetts, ndipo ophunzira ake amapemphedwa kusinkhasinkha mphindi 45 patsiku. Ndi zoona, ndipo sindikunena kuti nthawi yaitali ndi yoipa. Amene angathe mphindi 45 achite, amene angathe ola achite, ndiwawombera m'manja. Koma taonani kuti ngakhale pamenepo lamulo lake ndi la patsiku, masiku 6 pamlungu, kunyumba, pawekha. Palibe amene ananena kuti muziunjika zonse n'kudzazichita tsiku limodzi pamaso pa anthu. Ndikudziwanso kuti bungwe la World Health Organization limalangiza akuluakulu kuchita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pamlungu, ndipo mphindi 10 patsiku sizikwana pamenepo. Chabwino, mayiwo adzawonjezera, kapena adzayenda wapansi madzulo. Munthu amawonjezera pa chimene ali nacho. Amene wasiya alibe powonjezera.

Changu cha anthu a ola ndi theka kamodzi pamwezi ndi moto wa mapesi, umene umalilima mpaka aliyense kucheuka koma ukabwerako kokatenga mphika wapeza phulusa lokhalokha. Amabwera ndi zovala zatsopano ndi mkeka wonyezimira, amakakamiza thupi limene lakhala pampando milungu itatu kuti lichite zimene linachita mwezi watha, ndipo mawa lake akudandaula bondo, chiuno kapena khosi. Kenako amasowa, n'kumauza anthu kuti yoga inawapweteka. Yoga sinawapweteke, anadzipweteka okha chifukwa chofuna kudumpha masiku amene sanagwire ntchito. Minofu imamasuka ikamakokedwa mofatsa kawirikawiri, ndipo ukaisiya nthawi yaitali imabwerera pomwe inali. Thupi silisunga ngongole yoti udzalipire zonse tsiku limodzi. Kuthamanga si kufika.

Ngakhale tsiku la 21 June, limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu December 2014 kuti likhale lokumbukira yoga padziko lonse, ena analisandutsa tsiku lokhalo lochitira yoga pachaka. Amadzaza mabwalo, amajambulitsa zithunzi manja ali m'mwamba, ndipo pa 22 June mkeka uja umabwerera pansi pa bedi kukadikira chaka chamawa. Tsikulo lilibe mlandu. Koma ngati mukufuna kudziwa amene amachita yoga, musamufune pabwalo pa 21 June, mukamufune m'chipinda mwake Lachiwiri wamba la mwezi wa February, mvula ikugwa, mwana akulira, iye atayala mkeka pakati pa bedi ndi khoma.

Abale anga, ndikubwereza dala chifukwa ndikudziwa kuti pali anthu ambiri amene anamvapo mawu ngati a bambo uja ndipo anasiyadi. Chochepa chimene mumachita tsiku lililonse ndi chenicheni. Ngati lero mwangokwanitsa kugwada, kutsamira chipumi pamkeka ndi kupuma mozama kakhumi, mwachita. Ngati mawondo salola kukhala pansi ndipo mumasinkhasinkha muli pampando, mwachita. Ngati maganizo anathawa maulendo osawerengeka koma munakhalabe mpaka nthawi imene munapangana nokha itakwana, mwachita. Musalole munthu amene sadziwa m'mawa wanu kuti akuyezereni. Iye sakudziwa kuti munagona mochedwa chifukwa cha wodwala, sakudziwa kuti mphindi 10 zimenezo munazilanda pakati pa ntchito zingati, ndiponso sakudziwa mmene msana wanu unalili musanayambe. Akudziwa wotchi yake basi, imene iyenso sakuimvera.

Ndipo popeza ndayamba kale, ndinenenso za mapulogalamu a pafoni amene amawerenga masiku amene munthu wasinkhasinkha motsatizana, chifukwa nawonso ali ndi mtima womwewo, angoubisa m'mitundu yokongola. Munthu wachita mokhulupirika miyezi itatu, kenako wadwala kapena wapita ku maliro, waphonya tsiku limodzi, ndipo foni ikumuonetsa kuti wabwerera pa 0 ngati kuti zonse zija zafufutika m'thupi mwake. Ndaona anthu akugwa mphwayi n'kusiyiratu chifukwa cha nambala imeneyo. Pomwe Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London, atatsatira anthu 96 amene ankayesa kuyamba chizolowezi chatsopano, anapeza kuti kuphonya tsiku limodzi sikunkasokoneza kwenikweni kuzika mizu kwa chizolowezicho. Anapezanso kuti chizolowezi chinkatenga masiku pafupifupi 66 kuti chikhazikike, kwa ena 18 okha, kwa ena mpaka 254, kutali ndi masiku 21 aja amene amalengezedwa paliponse. Mosadukiza wa Patanjali sakutanthauza kuti ukadwala malungo uzikwawira pamkeka poopa foni. Akutanthauza kuti ukachira ubwerere, ndipo usapange tsiku limodzi kukhala mwezi.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri n'chakuti ena tsopano amatsegula pulogalamuyo usiku, n'kuisiya ikuwerenga mphindi iwo akutsuka mano, n'cholinga choti nambala isaduke. Akusinkhasinkha ndani pamenepo, munthu kapena foni? Ndipo foni yomweyo imene waiika pambali pa mkeka kuti ikuthandize kukhala chete ndi imene imanjenjemera usanapume katatu, wina akufunsa ngati waona uthenga wake wa pa WhatsApp.