Pakamwa panga pali m'thumba mwa sponsa

Ndangoweruka kumene, mapazi atupa ngati mandasi, koma tulo takana. Ndiye ndilekeni ndilankhule, apo ayi mutu uwu uphulika. Inu amene simutopa kunditumizira mauthenga pa WhatsApp akuti "asisi, tipezereniko ntchito ya care," dziwani kaye kuti khomo limenelo boma la kuno linatseka mu July 2025. Koma khalanibe pansi mumve zimene munkalirira.

Ndinafika ku England mu 2023 pa viza yosamalira okalamba, ija anatsegulira anthu akunja mu February 2022 manja atawachepera. Ndinagulitsa puloti yanga ya ku Chileka, n'kukongolanso kwa achimwene, kuti ndilipire dobadoba amene anandipezera pepala la sponsa, kampani yokulemba ntchito imene viza yako imadalira. Ndinadzamva nditafika kale kuti malamulo a kuno salola kulipiritsa munthu chifukwa chomupezera ntchito. Imeneyo ndi ya tsiku lina. Ya lero ndi ya agogo a m'chipinda chakumapeto kwa kolido.

Anali ndi zaka 89, matenda oiwalaiwala atawagwira, ndipo sankatha kudzitembenuza okha pabedi. Munthu wotere akagonera mbali imodzi nthawi yaitali, khungu limafa pamene fupa likutsamira matiresi: kumunsi kwa msana, m'chiuno, kuchitendene. N'chifukwa chake m'chipinda mwawo munali fomu yonena kuti azitembenuzidwa maola awiri alionse, otembenuzawo akhale awiri. Tsono usiku timakhala awiri basi nyumba yonse, okalamba 27, pansi ndi pamwamba. Uyu wagwa m'bafa, uyu akuitana mwamuna wake amene anamwalira kalekale, uyu wadziipitsira mpaka kumsana, mabelu akungolira ngati achule a m'dambo. Masamu akewo werengani nokha.

Koma fomu ija inkadzaza, amayi inu. Cha m'ma 5 koloko m'mawa, cholembera chimodzi, dzanja limodzi: 10 koloko kumanzere, 12 koloko kumanja, 2 koloko chagada. Sindikunamizira munthu, inenso ndinasainapo. Sabata yanga yoyamba mnzanga amene anakhalitsa anandiuza kuti fomu yamipata ndiyo imachotsetsa ntchito, osati chilonda. Matewera ankatiwerengera, atatu pa munthu pa tsiku, kiyi wa kositolo ali mu ofesi. Usiku wina ndinapeza chingwe cha belu la agogo aja chitazulidwa, chitakulungidwa bwinobwino pamwamba pa wodirobu, chifukwa akuti ankaliza kwambiri.

Chilondacho chinayamba ngati kadontho kofiira, kukula kwake ngati K10 yachitsulo. Patapita masabata atatu chinali chitatseguka. Fungo lake ndi lija limakutsatira mpaka m'basi, ukamadya nsima kunyumba umangolimvabe. Ndikamawapukuta, agogowo ankandigwira dzanja mwamphamvu n'kumanditchula dzina la mchemwali wawo.

Ndinapita kwa amanijala. Anandilandira bwino, anandipangira tiyi, anati ndine mmodzi mwa antchito amene amawadalira. Nditamaliza kufotokoza anamwetulira, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Paja viza yako ikutha liti?" Basi. Sanakalipe, sanaopseze. Ndinamwa tiyi uja mpaka kutha, ndinathokozanso.

Chimene chimandipweteka n'chakuti dziko lino malamulo lili nawo, ndipo ndi abwino. Amatiphunzitsa pa kompyuta chaka chilichonse, timalemba mayeso, timakhoza. Care Act ya 2014 imati khonsolo ikamva kuti munthu wamkulu wosatha kudziteteza akuzunzidwa kapena akunyalanyazidwa, iyenera kufufuza, ndipo aliyense angathe kuimba foni, kaya ndi wachibale, kaya ndi wosesa. Kuli bungwe la CQC limene limayendera nyumba zimenezi, kuzipatsa magiredi, ndipo likhoza kuzitseka kumene. Lamulo la 2015 la Criminal Justice and Courts Act limati wosamalira munthu akamuzunza kapena kumunyalanyaza mwadala akhoza kukaseweza mpaka zaka zisanu, ndipo kampani nayo ikhoza kuimbidwa mlandu. Palinso lamulo lokakamiza nyumbayo kuuza achibale chilungamo chonse zinthu zikalakwika, n'kupepesa. Ndipo ife antchito tili ndi lathu la 1998, Public Interest Disclosure Act, loti ukaulula zoipa za pantchito abwana asakuchotse kapena kukuvutitsa.

Zokoma kumva, eti? Tsono imvani pamene pagona nkhani.

Lamulo la 1998 limateteza ntchito, siliteteza viza. Viza yanga ndi yomangirira pa kampani imodzi ngati mbuzi pachikhomo. Akandichotsa lero, iwo amadziwitsa a Home Office, unduna woona za ma viza, kalata imabwera yondipatsa masiku 60 kuti ndipeze sponsa wina kapena ndilongedze. Kukhothi la za ntchito ndikhoza kupita, inde, ndipo mwina n'kupambana, koma mlandu kumeneko umatha kudikira chaka chathunthu kapena kuposerapo. Chigamulo chidzandipeza ndili ku Lunzu ndikugulitsa tomato, ngongole ya achimwene ili pakhosi. Ndipo tinene kuti ndaulula, boma lafufuza, lapezanso zina, lalanda kampaniyo laisensi yolembera anthu akunja. Amene agwe m'mavuto ndani? Ine, mnzanga wa ku Zimbabwe wa ana atatu, anyamata awiri a ku Kerala ku India, tonse amene tili pa mapepala a kampaniyo. Boma lenilenilo linanena kuti pakati pa July 2022 ndi December 2024 linalanda malaisensi oposa 470 m'ntchito imeneyi, ndipo antchito okhudzidwa anali oposa 39,000. Ambiri mwa amenewo ndi amene ukapikisane nawo m'masiku ako 60. Abwana athu ndi khoswe wa pamkhate: ukati umuphe, waswa mkhate womwera tonse.

Ukati ukhale chete, lamulo la 2015 lija likukudikira kutsidyaku. Siginecha ya pa fomu yabodza si ya mwini kampani amene ali kutchuthi ku Spain. Ndi yanga. Zaka zisanu zija ndi zanga, ndipo a DBS, bungwe loona mbiri ya antchito, akakuika pa mndandanda wa oletsedwa, ntchito yosamalira anthu watsanzikana nayo. Kulankhula ndi moto, kukhala chete ndi moto.

Musaganize kuti ndi mantha a chimidzi. Ku Winterbourne View, chipatala chosamalira anthu olumala kufupi ndi Bristol, namwino wamkulu Terry Bryan anadandaula ku CQC koma sanamumvere, mpaka a BBC analowetsa kamera yobisa mu 2011 dziko lonse n'kuona nkhanzazo pa TV. Antchito 11 anapezeka olakwa, asanu ndi mmodzi anapita kundende. Ku Orchid View, nyumba ya okalamba ku West Sussex, mkulu wofufuza za imfa, amene kuno amati coroner, anapeza mu 2013 kuti kunyalanyaza kunathandizira imfa za anthu asanu, ndipo amene anaulula anali mayi wa mu ofesi amene anauzidwa kuti ang'ambe mafomu a mankhwala. Mafomu, mwamva? Ngati anthu opanda nkhawa ya viza anakhetsa thukuta chonchi kuti amvedwe, nanga ine wobwera, Chingerezi changa choti ndikayankhula amati ndibwereze?

Ndiye ndinakhala chete. Ndikunena poyera kuti manyazi andigwire bwino. Mwana wawo wamkazi wa agogo aja, mayi wa imvi kale naye, ankabwera Lamulungu lililonse atanyamula mabisiketi a antchito. Anagulitsa nyumba ya mayi ake kuti azilipira mapaundi oposa 1,000 pa sabata, chifukwa kuno ukakhala ndi chuma choposa £23,250 umadzilipirira wekha. Ankapeza mayi ake atavekedwa bwino, tsitsi lopesa, bulangete mpaka pachifuwa. Ankandigwira paphewa n'kunena kuti ndine mngelo. Ine bisiketi ili kukamwa, osatha kumeza.

Amene anaulula si ine. Agogo anatentha thupi, ambulansi inabwera, ndipo anamwino a kuchipatala atavundukula anapeza chilonda cha giredi 4, chija chimafika mpaka pafupa. Iwowo ndi amene anaimbira khonsolo. Sabata imene ofufuza ankabwera, eee, munakaona! Makoma anapakidwa penti, kositolo kunatsegulidwa, matewera mbwee, usiku tinalipo anayi chifukwa anaitanitsa aganyu. Atangopita alendowo, tinabwereranso awiri.

Apa mpamene ndinaimbira CQC, ndili pa siteji ya basi, mvula ikuwaza, dzina osatchula. Amalola kutero. Koma nkhani ya usiku, m'nyumba imene usiku mumakhala anthu awiri, dzina ungalibise bwanji? Palibe anandifunsa kanthu. Mashifiti anga owonjezera anangouma, tchuthi chimene ndinapempha chinasowa m'kompyuta, ndipo anandikumbutsa mwaulemu za ndime ya mu kontirakiti yonena ndalama zimene ndiyenera kubweza ndikachoka msanga. A yuniyoni ya Unison, imene ndinalowa mochedwa, anandiuza kuti ndizilemba chilichonse ndi deti lake, ndipo ndikulemba. Kope latsala pang'ono kudzaza.

Ndikadandaula kwa a kumudzi, yankho ndi lakuti walira mvula walira matope. Ena amati azungu alibe umunthu, amataya makolo awo. Pamenepo pokha ndiye ndimakana. Ifenso tisadziyeretse. Ku Neno mu 2016 anthu anapha okalamba anayi powanamizira ufiti mphezi itapha mtsikana. Ndipo mayi uja sanataye mayi ake. Anagulitsa nyumba, amabwera sabata iliyonse, anangokhulupirira fomu.

Ndinakumana naye poimika magalimoto atabwera kudzatenga zovala za mayi ake. Ndinayang'ana uku ndi uku ngati wakuba, n'kumuuza mothamanga zonse zimene ndinkadziwa. Ndinati, amayi, popeza muli ndi pepala lokupatsani mphamvu yoimira mayi anu, itanitsani mafayilo onse, mafomu otembenuzira, a madzi akumwa, a mankhwala, ndiponso funsani kuti usiku uliwonse pantchito panali anthu angati. Muyang'anitsitse inki ndi kalembedwe. Dandaulo lanu likhale lolemba, lapakamwa limauluka. Musadalire CQC yokha, iwo amamva n'kukayendera koma saweruza dandaulo la munthu mmodzi. Nyumbayi ikakuyankhani zozungulira, pitani kwa Local Government and Social Care Ombudsman, n'kwaulere, amalandiranso odzilipirira okha, koma musapitirire miyezi 12. Mukafuna chipukuta misozi pezani loya, alipo amene amalipidwa pokhapokha mlandu mukapambana, ndipo nthawi yake kawirikawiri ndi zaka zitatu. Kupolisinso khomo ndi lotsegula. Ndipo Mulungu asalole, koma zikavuta, muuze coroner za chilondachi.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa: "Unadziwa liti?" Ndinamuuza zoona. Sanandikalipire. Anangolowa m'galimoto, anakhala osailiza, ine n'kubwerera mkati chifukwa belu linali likulira.

Taonani kusiyana kwake. Iye ali ndi makomo asanu oti agogode, ndipo palibe khomo limene lingamuthamangitse m'dziko. Koma iye sanaone kanthu, amabwera masana. Ine ndinaona zonse, chingwe cha belu, matewera onyowa mpaka m'mawa, cholembera cha 5 koloko, ndipo pakamwa panga pali m'thumba mwa munthu amene ndiyenera kumuneneza. Amene analemba malamulo oteteza okalamba ndi amene analemba malamulo a viza akuoneka kuti sanakhalepo m'chipinda chimodzi. A yuniyoni akhala akunena kuti viza izimangirira pa ntchito yonse ya care, osati pa kampani imodzi, kuti munthu azitha kuchoka pamalo oipa n'kukalowa pena. Zikanakhala choncho, ndikanaimba foni ija kadontho kakadali kofiira.

Agogo aja sanabwerenso kwathu kuno. Anawasamutsira kunyumba ina, ndipo anamwalira dzinja lapitali. M'chipinda chakumapeto muja muli agogo ena aamuna, naonso osatha kudzitembenuza. Masiku ano ndikawatembenuza 3:40 ndimalemba 3:40, mpata wa 2 koloko ndimausiya choncho, ndipo m'mawa uliwonse amandiitanira mu ofesi chifukwa cha mipatayo.

Lachiwiri ndinalandira kalata yochokera kwa loya wa mayi uja, yopempha kuti ndipereke umboni wolemba, dzina langa lili pansi. Tsiku lomwelo achimwene anaimba kufunsa za ndalama zawo, akuti feteleza wakweranso. Kalatayo ili m'chikwama changa cha kuntchito, pakati pa magolovesi ndi kontena ya nsima. Ndaiwerenga kasanu ndi kawiri. Shifiti ikuyamba 8 koloko usiku uno, ndipo pa ndandanda alembapo anthu awiri.