Foni yangayi si nyumba ya alendo

Ndinakwiya dzulo ndipo mpaka pano mtima sunatsike. Ndinkangofuna kudziwa ngati katundu amene ananditumizira wafika. Basi. Nditatsegula webusaiti ya kampani yonyamula katunduyo n'kulemba nambala ya risiti, uthenga unatchinga sikirini yonse wakuti ndikafuna kuona pomwe katundu ali, ndiyambe ndaika app yawo. Ndinadina. Foni ikuti malo atha.

Ndiye ndinayamba kufufuta zinthu. Nyimbo zinapita, zithunzi zinapita, malo osakwanabe. Mapeto ake ndinafufuta vidiyo ya mwana wanga akuphunzira kuyenda, ndikuganiza kuti ili kale pa kompyuta. Siili pa kompyuta. App ija ili pafupi kumaliza kulowa, netiweki inadula, ndipo inayambiranso pachiyambi. Bandulo yomwe ndinkati indifikitsa Lachisanu inathera pomwepo. Ndipo nditaitsegula app ija, mukudziwa zomwe ndinapezamo? Mzere umodzi: katundu wanu ali m'njira. Mzere umodzi abale anga! Mawu oti akanakwana pa tsamba lomwe lija ndinali nditatsegula kale.

Inu eni makampani, siyani kutikakamiza kuika app pa ntchito ya mphindi imodzi. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Inu mwabwera kudzandiuza chinthu chimodzi, koma mukufuna chipinda chanuchanu, mukufuna bedi, mukufuna ndithamangitse ana anga kuti inu mugone bwino. Mlendo wamtundu wanji ameneyu?

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti njira ina ilipo, ndipo si ya dzulo. Imatchedwa progressive web app, mwachidule PWA. Dzinali analiyambitsa mu 2015 ndi Frances Berriman ndi Alex Russell, yemwe nthawiyo ankagwira ntchito pa Chrome ku Google. Ndi webusaiti ndithu, koma yomangidwa kuti izigwira ntchito ngati app. Ukaitsegula koyamba, kapulogalamu kena kotchedwa service worker kamatsalira mu browser n'kusunga zigawo zofunika za tsambalo mu foni momwemo. Ulendo wachiwiri tsamba silikatenganso chilichonse kuchokera pachiyambi, limangotenga chatsopano chokha. Netiweki ikathawa, zomwe unaziona kale umazionabe, osati kakanyama kaja ka dinosaur kamene Chrome imakuonetsa ngati ikukuseka. Ukaikonda, umadina Add to Home screen, kachizindikiro kake n'kukhala pa sikirini pambali pa ma app ena onse. Ukatopa nayo umachotsa. Palibe zodikira update ya mlungu ndi mlungu, chifukwa mwini wake akasintha zinthu kumbali kwake, iwe umangozipeza zasintha.

Wina asandiuze kuti zimenezi ndi za timakampani tosauka. Mu 2017 Twitter inatulutsa PWA yake yotchedwa Twitter Lite, ndipo eni ake ananena kuti sinkadya malo ofika ndi 1 MB yomwe mu foni. Twitter yonse ija, ndi anthu ake mamiliyoni aja, inakwana pa malo ochepa kuposa chithunzi chimodzi cha kamera ya masiku ano. Ndiye inu a mzere umodzi mukufuna malo onsewo kuti muikemo chiyani? Pinterest inachita chimodzimodzi, Starbucks inachita chimodzimodzi. Ngakhale Steve Jobs, mu 2007 iPhone ikungotuluka kumene, ankauza opanga mapulogalamu kuti azimanga zinthu zawo pa intaneti kuti zizitseguka mu Safari, browser ya pa iPhone. App Store inabwera pambuyo pake, mu 2008. Maganizo amenewa ndi akale kuposa foni iliyonse imene ili m'thumba mwanu.

Ndikudziwa, mundiuza kuti pali zina zomwe webusaiti singathe. Eya, masewera olemera aja, kapena zokonzera mavidiyo, zimenezo ikani app, palibe amene akukana. Mundiuzanso kuti pa iPhone zinachedwa. Zoona, service worker inafikako mu 2018, ndipo mauthenga aja ongotulukira pa sikirini anafika mu 2023 ndi iOS 16.4. Koma anafika. Chowiringula chimenecho chinatha ntchito. Kuona pomwe katundu ali, kugula tikiti, kuwerenga nkhani, kuona ndandanda ya zinthu zogulitsa, palibe chimodzi mwa izi chofuna kuti munthu afufute zithunzi za ana ake.

Chifukwa chimene makampaniwa amaumirira pa ma app tonse tikuchidziwa, akufuna manambala a anzako ndi kudziwa komwe uli. Zimenezo tizisiye.

Ine ndikuti munthu amene akupanga app mu ofesi ya Wi-Fi yaulere, atagwira foni ya 256 GB, sadziwa chimene akupempha. Kwa iye ndi kungodina kamodzi. Kwa amene foni yake ndi ya 32 GB, theka litadyedwa kale ndi Android komanso ma app obwera ndi foni omwe safufutika, kudina kumeneko ndi kusankha choti ataye. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ofuna makasitomala ndinu, ndiye pepukani ndinu, osati ine ndiziphwasula nyumba yanga kuti inu mulowe. Ndipatseni linki, ndione zomwe ndikufuna, ndizipita. Ndikakukondani ndikuikani pa sikirini ndekha, simuchita kundikoka dzanja.

Komanso izi zopempha zilolezo! App yondiuza za katoni imodzi ikufuna kamera, ikufuna maikolofoni, ikufuna zithunzi zanga. Maikolofoni? Mukufuna kumva katoniyo ikulankhula? Kenako akuti tsegulani akaunti, password ikhale ndi chilembo chachikulu, nambala ndi chizindikiro, titumiza kodi pa SMS. Kodiyo inafika nthawi yake itatha kale. Usiku wa lero, 2 koloko, foni yalira. Ndadzuka mtima uli m'mwamba kuganiza kuti kwagwa zovuta. Ndi app ija, ikundipempha kuti ndiipatse nyenyezi zisanu. Katundu sanafikebe.