Mandasi apume kaye, yesani mabisiketi a adyo ndi kambuzi

Ndinena zimene ena mundikwiyire nazo, koma ndinena basi. Ife tiyi timamulakwira. M'kapu imodzi shuga masipuni atatu, mkaka pamwamba, kenako tikumwera mandasi a shuga kapena sikono yopaka jamu. Zotsekemera pa zotsekemera zinzake, lilime osapumako. Ine ndapeza chomwera tiyi china ndipo kunyumba kwanga chakhazikika: timabisiketi topyapyala tamchere, ta adyo ndi tsabola, tophika ndekha.

Anandiyambitsa ndi msuweni wanga amene amakhala ku Atlanta. Chakum'mwera kwa dziko la America kumeneko ali ndi kachakudya kamene amati fire crackers. Amagula mabisiketi amchere aja a saltine, n'kuwaika m'pepala lapulasitiki lotseka, n'kuthiramo mafuta, tsabola wofiira wouma wosinja ndi ufa wa zokometsera wotchedwa ranch, umene mkati mwake muli mkaka wosasa wouma, adyo, anyezi ndi timasamba tonunkhira. Amagubuduza pepalalo kangapo, ena amalisiya mpaka kugona, m'mawa n'kuyala mabisiketiwo pa thireyi, kulowetsa mu uvuni wa moto wochepa, madigiri 120, kwa mphindi 15 kapena 20. Basi, ntchito yatha. Anandionetsa pa WhatsApp akukukuta, ine kuno malovu ali chuchuchu.

Ndinayesa ndi ma cream cracker a m'shopu. Kukoma anakoma, sindinama. Koma mafuta ake, abale! Njira yawoyo imafuna kapu yathunthu kapena kuposa pa bokosi limodzi. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ine mafuta ndimathira ngati mankhwala a m'maso, ndiye ndikaviikemo mabisiketi amene ndagulanso ndi ndalama? Ndinaona kuti bola kuyambira pa ufa penipeni, zokometserazo zilowe mu mtanda momwemo.

Ndimachita chonchi. Ufa wa tirigu makapu awiri, mchere kasipuni kamodzi ka tiyi, mafuta masipuni anayi aakulu, adyo zidutswa zitatu zosinja bwino, ndi kambuzi mmodzi yekha wosinjira limodzi ndi mcherewo. Ndati mmodzi. Kambuzi n'ngwamng'ono thupi lokha. M'malo mwa madzi ndimathira chambiko, kupitirira pang'ono theka la kapu, ndipo apa mpamene ndinawapezerera Aamerika aja: kakuwawasa kamene iwo amakagula m'paketi ife tili nako kale. Chambiko chikasowa madzi amagwira ntchito. Yisiti ayi, dzira ayi, shuga ayi. Kandani mpaka mtanda ugwirane ndi kuleka kumata m'manja, muuvindikire ndi mbale upume mphindi 20. Mukapanda kuupumitsa umachita makani, inu mukuutambasula iwo ukubwerera.

Tsono nkhani yonse yagona pa kupyapyala. Ulendo woyamba ndinaona ngati ndikupanga chapati, ndinasiya mtanda wochindikala ngati chala cha mwana. Zinatuluka zofiira bwino kunja, mkati zolimba gwa, zosakukutika, zosatafunika. Tsiku limenelo apongozi anga anali atabwera kuchokera ku Dedza. Anatola chimodzi, kuchitembenuza uku ndi uku, kuchigogoda pa tebulo, n'kunena kuti, "Kodi apongozi, zimenezi n'zodya kapena ndi miyala ya legeni?" Bambo a ana anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Kuyambira pamenepo mtanda ndimaugawa panayi, kagawo kalikonse ndimakatambasula ndi botolo lagalasi mpaka ndikakakweza ndizionera dzanja langa kuseri. Ukayamba kuopa kuti ung'ambika, ndiye kuti wafika.

Mukatero bayanibayani ndi foloko paliponse. Timabowo timene mumationa pa mabisiketi a m'shopu si tokongoletsa, ndi potulukira nthunzi. Popanda timeneto mtanda umatukumuka ngati chule, pena kupsa pena kutsala pauwisi. Dulani ndi mpeni timabokosi, musavutike kuti tifanane, si za mpikisano. Pakani timadzi pang'ono pamwamba, wazani chitowe ngati muli nacho, chidinikizeni ndi botolo lija kuti chisayoyoke. Uvuni ukhale utatentha kale, madigiri 200, mphindi 10 mpaka 15. Musapite kukacheza kwa aneba. Ta m'mphepete timapsa msanga, muzitichotsa, tapakati titsale pang'ono. Ndipo musaweruze tikadali totentha: timauma ndi kuyamba kuthyoka bwino tikazizira.

Ndikudziwa wina alemba kuti, "Mayi inu, ena tilibe uvuni." Inenso magetsi anandizimira thireyi ili mkati, ndiye ndinaphunzira mokakamizidwa. Mmene timaphikira chigumu ndi momwemo: sefuliya yaikulu, mchenga pansi pake mkatimo, mbale yachitsulo pamwamba pa mchengawo, makala ochepa pa mbaula, ena pa chivindikiro. Kusiyana kwake n'kwakuti izi n'zopyapyala, moto wa chigumu ungazipsereze nthawi yomweyo, ndiye makala akhale oti ayamba kuchita phulusa. Zimatenga nthawi chifukwa mumaphika pang'onopang'ono, koma zimatheka, ndipo ine ndimaona ngati za pa mbaula zimanunkhira kuposa.

Wina anenanso za mtengo wa ufa wa tirigu, ndipo sakunama, tirigu wambiri amene timadya m'dziko muno amachokera kunja. Mutha kuchotsako theka la kapu n'kuikapo nsinjiro. Zimatuluka zonona, fungo lake ngati mtedza wokazinga kumene. Ufa wa chinangwa umathekanso pa muyeso womwewo. Mukapyola pamenepo mtanda umayamba kuthethekatetheka, chifukwa kutamuka kumene kumaulola kupyapyala kuli mu tirigu, osati mu nsinjiro kapena chinangwa. Komabe werengerani: mandasi amafuna ufa womwewo, shuga, yisiti, ndi mafuta oti asambiremo. Awa masipuni anayi okha.

Sindikunyoza amayi a geni ya mandasi ndi zitumbuwa, ambirife tinaphunzira sukulu ndi ndalama za m'beseni. Chimene chimandiwawa ine ndi m'mawa uliwonse kupatsa mwana ndalama ya pa buleki, n'kukagula timapaketi tofufuma tija, mphepo yokhayokha, akubwera zala ndi milomo zili psuu, njala ili pomwepo. Pano ndimaphika Lamlungu masana, thireyi ya ana yopanda tsabola, ya akuluakulu ya kambuzi, ndipo timadya mpaka Lachisanu. Mandasi a Lamlungu mungawadye Lachitatu? Chachikulu tizizire kaye tisanalowe m'chitini chotseka bwino. M'dzinja chinyezi chimatifewetsa, koma mphindi zisanu pa moto wochepa timabwerera mwakale. Amene muli ndi BP chepetsani mchere, adyo ndi tsabola zimakwanira kudzutsa lilime. Ndipo mukasinja kambuzi sambani m'manja ndi sopo kawiri. Ine ndinapukuta diso, zotsatira zake aneba anamva.

Timakoma ndi tiyi, timakoma ndi mapeyala ophwanya othira ndimu, timakoma ndi chiponde. Bambo a ana amatidyera mpira wa pa wailesi, nyenyeswa zili mbwee pa mpando.

Apongozi aja anabweranso mwezi watha. Sindinanene kanthu, ndinangoika mbale pambali pa kapu yawo. Anadya chimodzi, chachiwiri, chachitatu, ali chete. Tsiku lobwerera ku Dedza ndikuwaperekeza ku depoti anandikoka chitenje n'kunong'ona kuti, "Apongozi, tija ta tsabola tatsalako? Mundimangire, agogo a ana akalaweko."