Tisamanamizire Satana zonse

Wina walemba kuti maukwati akutha chifukwa Satana walusa masiku ano. Sindikukana kuti Woipayo alipo, Mpingo umaphunzitsa zimenezo. Koma Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992, pa ndime 1607, amati chisokonezo cha m'banja chidabwera ndi tchimo, sichichokera m'chilengedwe cha mwamuna ndi mkazi. Nanga Adamu atafunsidwa, si uja adathamangira kuloza chala mkazi wake? Mpaka lero timatero.

Ine ndidatha milungu itatu osayankhulana ndi mayi akunyumba, chonsecho Lamulungu tikukhala benchi imodzi, n'kumapatsana moni wa mtendere ngati alendo. Chiwanda panalibe pamenepo, kudali kudzikuza kwanga basi. Nditapita kukalapa, bambo mfumu adangondifunsa kuti, "Nanga mwawapepesa?" Ndidasowa poyambira.