Ma fret a stainless steel: phindu lake ndi kulimba

Alembi, mwati ma fret (tizitsulo topingasa pa khosi la gitala pomwe timadinirapo nsambo) a stainless steel amathwetsa kulira kwa gitala yamagetsi. Ine ndikukana. Mukaiimba osailumikiza ku amplifaya, kakuthwako kamamvekadi pang'ono. Koma pickup (kachipangizo ka maginito kokhala pansi pa nsambo) imatola kunjenjemera kwa nsambo, ndipo mawu akadutsa mu amplifaya ndi masipika a m'matchalitchi athu kuno ku Kasungu, ndani angasiyanitse? Nsambo zadzimbiri ndiye zimapha mawu.

Ma fret wamba a nickel silver, omwe mulibe siliva koma kopa, nickel ndi zinc, amakumbika pamalo pamene mumakonda kudina, gitala n'kuyamba kunong'ona zzz. A stainless sakumbika msanga, ndipo pokoka nsambo amaterera bwino. Koma amabunthitsa zida za mmisiri, ndiye konzekerani kulipira zambiri powaikitsa.